Kutsata mapazi a Ezio kuchokera ku Florence mpaka Venice

Lolemba, Florence

Tatsika sitima pa Santa Maria Novella dzuwa litapendeka. Ndili ndi mwana wa achemwali anga, ndipo m'chikwama mwake muli Switch, makina am'manja osewerera magemu, yokhala ndi gemu ya Assassin's Creed II, ija anaiphatikiza mu The Ezio Collection. Tapangana kuti paliponse tikafika tiziyatsa, n'kuona pasikirini malo omwewo amene taimapo.

Gemuyi inatuluka mu Novembala 2009, yopangidwa ndi Ubisoft ku Montreal motsogozedwa ndi Patrice Désilets. Yoyamba, ya 2007, inali ya Altaïr ku Jerusalem, Acre ndi Damascus. Inali yokongola koma yotopetsa, chifukwa mzinda uliwonse ntchito inali yomweyomweyo: khala pabenchi umvetsere za eni, pisa munthu m'thumba, menya wina aulule, kenako kaphe amene wakutumira. Yachiwiriyi, yomwe wosewera amakhala Ezio Auditore, mnyamata wa ku Florence, inasamukira ku Italy wa pakati pa 1476 ndi 1499, ndipo ambirife timati apa ndi pomwe mndandanda wonsewo unaimira pa miyendo yake.

Titasiya katundu tapita ku Ponte Vecchio, pomwe nkhani imayambira ndi ndewu ya Ezio ndi Vieri de' Pazzi, ija amagendedwa mwala pamlomo n'kukhala ndi chipsera moyo wake wonse. Lero mlathowu ndi wa ogulitsa golide okhaokha. M'masiku a Ezio panali ogulitsa nyama, omwe anachotsedwa mu 1593, ndipo kanjira kofolera kapamwamba pa masitolowo kanamangidwa mu 1565. Kuchoka pamlatho kukafika pa Piazza della Signoria sindinatsegule mapu. Miyendo imadziwa yokha kokhota. Ichi chandikhudza kuposa mmene ndimaganizira, chifukwa njirayi sindinaiphunzire m'buku, ndinaiphunzira pothawa alonda.

Koma ukakweza maso umaona pomwe opanga gemu anakonza mzinda kuti ukwereke. Nyumba zenizeni ndi zazitali kwambiri, misewu yake ndi yopanikiza ndiponso yamdima, ndipo madenga amatulukira kunja ngati mita yathunthu, matabwa ake akuonekera kunsi. Munthu wokwera khoma angafike pansi pa denga n'kusowa pogwira. Mu gemu nyumba anazifupikitsa, n'kumwaza mitanda, zingwe ndi mabokosi pomwe phazi likufuna kuponda.

Mphwangayo wayang'ana sikirini nati, "Amalume, nkhope za anthuwa zili ngati zidole." Sakunama. Maso a anthu a mu gemu ndi ouma, milomo siitsatira bwino mawu, ndipo atakonzanso zithunzi mu 2016 nkhope zina zinafika poipirapo. Ndamuuza kuti asiye nkhopezo, ayambe wakwera tchalitchi cha Santa Trinita mopikisana ndi Federico, mkulu wake wa Ezio. Wakhala chete mpaka nthawi yogona.

Lachiwiri, Florence

Lero linali tsiku la Duomo, ndipo ndiyambe ndi chomwe chandiwawa. Kutsogolo kwa tchalitchi chachikuluchi kuli nyumba yobatiziramo ya San Giovanni, ya mbali 8, ya nsangalabwi yoyera ndi yobiriwira, yakale kuposa tchalitchicho. Zitseko zake zakum'mawa, zomwe Lorenzo Ghiberti anamaliza mu 1452, zinalipo kale Ezio asanabadwe. Mu gemu nyumbayi mulibe. Pamalo pake pali bwalo lopanda kanthu. Kale sindinkadziwa kuti pali chosowa, koma lero nditaima pakati pa nyumba ziwirizi ndaona kuti bwalo la mu gemu ndi losiyana ndi lenileni, ndipo amene anaona Florence pasikirini pokha sanaone chimodzi mwa zinthu zake zofunika kwambiri. Nkhope ya tchalitchi yomwe alendo akujambula lero nayo si ya nthawi imeneyo, inamalizidwa mu 1887.

Takwera masitepe 463 opita pamwamba pa denga lozungulira la Brunelleschi, lomwe linatha kumangidwa mu 1436. Njira imadutsa pakati pa zikhoma ziwiri, chamkati ndi chakunja. Pena umayenda chopendekeka chifukwa khoma likukugwera paphewa, ndipo pomwe pulasitala palibe umaona njerwa zoyalidwa mopingasa, zina choimirira zina chogona, njira yomwe inathandiza kuti denga lisagwe pomangidwa popanda chochirikiza kunsi. Mpweya ndi wochepa, thukuta kamukamu, ndipo ukakumana ndi otsika umamatirira kukhoma.

Pamwamba ndi pomwe ndamvetsa chimene gemuyi inachita bwino. Mu gemu, mapu amakhala obisika mpaka utakwera nsanja n'kukhala pa mtanda wathabwa pomwe pamazungulira chiwombankhanga. Kamera imazungulira, nyimbo za Jesper Kyd zimakwera, dera lonse n'kutseguka. Kukwerako si kungokankha batani basi. Umafika pomwe chogwira chatha, n'kuyamba kusuntha chammbali kufunafuna zenera, mng'alu kapena kachitsulo. Nyumba iliyonse yaikulu ili ndi njira yakeyake. Magemu otsatira a mndandandawu amakulola kukwera pafupifupi khoma lililonse, ndipo chifukwa cha chimenecho sukumbukira khoma ngakhale limodzi. Ine makoma a Duomo ndimawakumbukira. Lero ndimaloza mazenera ozungulira aja a pansi pa denga ndikudziwa kuti ndinagwirapo pati.

Madenga ofiirira, nsanja ya Palazzo Vecchio, Santa Croce, mtsinje wa Arno, zonse zili pomwe gemu inaziika, kungoti mitunda anaifinya. Patsogolo pathu panali nsanja ya Giotto, ya mamita pafupifupi 85, yomwe Ezio amadumphapo n'kugwera m'ngolo ya udzu. Mphwanga anasuzumira pansi n'kugwiritsa chitsulo ndi manja awiri.

Za chiwembu chomwe banja la a Pazzi linakonzera a Medici, olamulira Florence. Chinachitikadi pa 26 Epulo 1478, mkati mwa tchalitchi, Misa ili mkati. Giuliano de' Medici anabayidwa mpaka kufa, ndipo mkulu wake Lorenzo anavulazidwa pakhosi n'kuthawira m'chipinda chovaliramo ansembe. Gemu inatulutsira zonsezi panja pabwalo, kuti wosewera akhale ndi malo omenyera nkhondo. Francesco de' Pazzi anapachikidwadi pazenera la Palazzo Vecchio tsiku lomwelo, pamodzi ndi Arkibishopu Francesco Salviati. Bernardo Baroncelli anathawira ku Constantinople, anamubweza n'kumupachika mu 1479, ndipo Leonardo da Vinci anajambula mtembo wake uli lende. Mu gemu anthuwa amafa ndi mpeni wa Ezio mmodzimmodzi. Kusintha kotereku sikundivuta, popeza gemu inanena yokha poyamba kuti ndi nthano yoluka pa mbiri, ndipo mayinawo ndi omwe anandipangitsa kukafufuza zoona zake.

Masana tadya lampredotto pa kangolo ka pamsika: chifu cha ng'ombe chowiritsa, chodulidwa n'kuikidwa m'banzi yonyikidwa mumsuzi, ndi tsabola pang'ono.

Lachitatu, San Gimignano

Basi kuchokera ku Florence, kusinthira pa Poggibonsi. Nsanja zimayamba kuoneka uli kutali, zitaima pamwamba pa phiri pakati pa minda ya mpesa. Kale zinalipo 72, mabanja olemera akupikisana kutalika kwake. Zatsala 14. Yaitali kwambiri ndi Torre Grossa, ya mamita 54, ndipo ndi yomwe alendo amaloledwa kukwera.

Mu gemu mzindawu ndi bwalo la masewera okwera. Pakati pa nsanja anamanga zingwe, n'kuikapo oponya mivi, ndipo kuti ufike kwa Antonio Maffei, mmodzi wa achiwembu aja, amene akulalikira pamwamba uyenera kuwachotsa mmodzimmodzi ukukwera. Zingwezo kuno kulibe, koma makoma ali ndi mabowo a makona anayi momwe kale ankalowetsamo mitanda ya makonde ndi ya omanga. Nkhunda zimakhala mmenemo. Ndi mabowo omwewa amene Ezio amalowetsamo zala. Amene anajambula makoma a mu gemu anawayang'anitsitsa ndithu makoma awa.

Chomwe sanakwanitse ndi kunja kwa linga. Dera la Tuscany mu gemu ndi lachikasu chofiirira, mitengo apo ndi apo, nyumba zingapo, ndipo mapiri akutali amazimiririka m'nkhungu chifukwa PlayStation 3 ndi Xbox 360 sizikanatha kunyamula zambiri. Umangokwera hatchi n'kudutsa. Lero pamwamba pa Torre Grossa maso amafika kutali kwambiri, mizere ya mpesa ndi mitengo ya azitona ikusinthana mitundu phiri ndi phiri. Mphwanga sanavutike n'kuyatsa Switch.

Lachinayi, Monteriggioni

Apa ndi pomwe ndimafunitsitsa kufika. Monteriggioni ndi mudzi waung'ono wozunguliridwa ndi linga lomwe anthu a ku Siena anamanga pakati pa 1214 ndi 1219 kuti azitchingira adani awo a ku Florence. Lingalo ndi la mamita pafupifupi 570 kuzungulira, lili ndi nsanja 14 ndi zipata ziwiri. Ukalowa chipata china umaona kale chinzake. Pakati pali bwalo, chitsime, katchalitchi ka Santa Maria Assunta, malo odyera, ndi kanyumba kosungiramo zida zakale komwe amakulola kuvala chisoti ndi malaya achitsulo. Mphwanga wavala, ndipo atayesa kukweza mkono anati, "Amalume, ndi zimenezi munthu sangakwere ngakhale pa tebulo."

Nyumba yaikulu ya banja la Auditore kulibe, sinakhaleko n'komwe. Banjalo ndi lopeka, ndipo mudzi wa mu gemu ndi waukulu kuposa weniweniwu. Komabe ukaima kunja n'kuyang'ana linga ndi nsanja zake pamwamba pa chitunda, sungakaike kuti ndi pomwepa.

Ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa chake malowa ndi mtima wa gemuyi. Ezio amafika kuno akuthawa, bambo ake ndi abale ake awiri atanyongedwa pa Piazza della Signoria. Ali ndi mayi ake Maria amene asiya kulankhula, ndi mlongo wake Claudia. Mario, mbale wa bambo ake, amawalandira m'mudzi womwe wafa: mazenera okhomedwa matabwa, masitolo otseka, misewu yopanda anthu, mtundu wonse wotuwa. Ndiye gemu imakupatsa womanga ndi kachifanizo ka mudziwo pa tebulo. Ukapeza ndalama umasankha chokonza: kwa osula zitsulo, kwa telala, kwa dokotala, banki, sitolo ya zojambula, chitsime, mgodi, tchalitchi. Claudia amasunga buku la ndalama, ndipo mphindi 20 zilizonse m'bokosi mumalowa kenakake. Zili ngati munthu wa m'tauni amene akumanga kumudzi, mwezi uno malata, mwezi wamawa zitseko, ndipo akapita amakaima patali kuona mmene pasinthira.

Kusinthako umakuona ndi maso, ndipo apa ndi pomwe zithunzi zikugwira ntchito yeniyeni. Matabwa amachoka pa mazenera, mbendera zimapachikidwa, anthu amachuluka mumsewu, makoma a nyumba yaikulu amayera. Zojambula zomwe wagula ku Florence ndi ku Venice zimapachikidwa m'chipinda, zida zako zimaikidwa pa mashelefu. Pansi pa nyumba pali zovala zankhondo za Altaïr zotsekeredwa ndi maloko 6, ndipo makiyi ake ali m'manda obisika m'mizinda ina. Pamwamba, Maria amagwada pambali pa bedi, ndipo pali kabokosi koponyamo nthenga zomwe mwana wake wamng'ono Petruccio ankakonda kutola. Nthengazo zilipo 100, zomwazika pa madenga a mizinda yonse. Gemu yoyamba inkakutumanso kutola mbendera mazanamazana popanda chifukwa chomveka. Iyi inakupatsa mayi wolira kuti ndiye chifukwa chake.

Cholakwika chilipo: ndalama zimachuluka msanga. Ukakonza mudzi wonse gemu isanafike pakati, bokosi limadzaza ndipo palibe chogula chomwe chimakuvutanso. Akanakweza mitengo kapena kuchepetsa zolowa.

Tayenda pa kanjira kachitsulo ka pamwamba pa linga, kenako takhala pabwalo mpaka alendo a mabasi atachoka. Anthu oyenda pansi pa njira yakale ya Via Francigena, yopita ku Rome, amadutsa pomwepa ndi ndodo ndi zikwama kumsana.

Lachisanu, Forlì

Tsiku la masitima: kubwerera ku Florence, kudutsa pansi pa mapiri a Apennine kukafika ku Bologna, kenako Forlì. Mapiri omwe Ezio ndi Leonardo amawoloka pa ngolo akuthamangitsidwa ndi apakavalo ife tawadutsa mumdima wa ngalande za sitima.

Mu gemu Forlì ndi dambo lotuwa, madzi ali ponseponse, thambo lamitambo. Weniweniyu ndi mzinda wouma wa pachigwa, wa njinga zambiri ndi alendo ochepa. Rocca di Ravaldino ilipo, linga lanjerwa lomwe Caterina Sforza anakaniramo kugonja mu 1488 mwamuna wake Girolamo Riario ataphedwa, ndipo Cesare Borgia anadzalilanda mu Januwale 1500. Gawo la gemu lokamba za 1488 silinali m'chimbale choyamba. Linagulitsidwa palokha kumayambiriro a 2010, limodzinso ndi lina la mlaliki wa ku Florence Savonarola, koma mu The Ezio Collection onse awiri alimo. Taona nsanja ya San Mercuriale pabwalo lalikulu, tadya, tagona msanga.

Loweruka, Venice

Ukatuluka pa siteshoni ya Santa Lucia, masitepe amakutsitsira pa madzi a Canal Grande. Mu gemu yoyamba Altaïr akagwera m'madzi amafa pomwepo. Ezio amasambira, amamira kuti abisale, amapalasa gondola, ndipo amatha kukoka mlonda woima m'mphepete n'kumugwetsera m'madzi. Popanda kusinthaku Venice sakanatheka, ndipo ndi mzinda womwe zithunzi zake zakalamba bwino kuposa ina yonse. Kuwala kwa pamadzi, makoma ofiira osuluka, dzuwa likamalowa kuseri kwa nsanja, mpaka lero ukayang'ana pasikirini yaing'ono ija umavomereza.

Takwera vaporetto, boti lomwe kuno ndiye basi, mpaka ku Rialto. Mphwanga anadabwa kuti mlatho ndi wamiyala pomwe mu gemu ndi wamatabwa. Apa gemu ndi yomwe ili yolondola pa nthawi yake: wamiyalawu unamangidwa pakati pa 1588 ndi 1591, ndipo usanamangidwe panali wamatabwa. Zoterezi zimandionetsa kuti panali anthu amene anafufuzadi, n'chifukwa chake kusowa kwa nyumba yobatiziramo ku Florence kukundipwetekabe.

Kuno mapu a m'mutu mwanga sanandithandize. Tinjira ta Venice ndi tothina, tina munthu mmodzi yekha, ndipo tambiri timathera pamadzi. Mu gemu ukasochera umangokwera padenga. Ndi ku Venice komwe Rosa, wa gulu la akuba, amaphunzitsa Ezio kudumpha ali pakhoma n'kugwira chapamwamba, ndipo nsanja zomwe zimakukanika zimayamba kukwereka. Kukupatsa luso latsopano pomwe wayamba kuzolowera ndi chinthu chomwe gemuyi imachita mpaka kumapeto: mpeni wachiwiri wobisika, mpeni wapoizoni, mabomba autsi, kamfuti ka pamkono. Pa madenga enieni ndaona timakonde tamatabwa tomwe amati altane, ndi machumuni otambasuka kumwamba, zonse monga zilili mu gemu.

Pa Piazza San Marco khamu linali lothithikana, ndipo ndinakumbukira mmene gemuyi inasinthira kubisala. Altaïr ankabisala pakati pa akatswiri a chipembedzo ovala zoyera basi. Ezio amalowa m'kagulu kalikonse ka anthu oyenda n'kuzimirira. Amatha kulipira akazi oyendayenda kuti akakope alonda, akuba kuti awathamangitse, kapena asilikali aganyu kuti amenyane nawo. Akamwaza ndalama pansi anthu amaunjikana n'kutseka njira, ndipo oimba zeze aja amene amakutsekereza ukuthamanga amakusiya. Ukapalamula kwambiri alonda amakuzindikira msanga, ndiye umang'amba zikalata zokusaka pamakoma kapena kupereka kangachepe kwa olengeza nkhani. Mzinda wonse umasanduka chida m'manja mwako. Ndewu yokha ndiyo yofooka: alonda amakuzungulira n'kumabwera mmodzimmodzi, iwe n'kumangodikira kuti ubweze. Ukadziwa nthawi yokankha batani, gulu la anthu khumi silikuopsanso.

Palazzo Ducale ndi nyumba yomwe Ezio amalowa ndi makina ouluka a Leonardo, usiku, akudutsa pamwamba pa moto womwe anzake akoleza mumzinda kuti mpweya wotentha uzimukweza. Leonardo anajambuladi makina otere, koma palibe umboni woti anaulukapo. Doge (mtsogoleri wa Venice) Giovanni Mocenigo, amene gemu imati anathiridwa poizoni, anamwaliradi mu 1485. Nsanja ya San Marco yomwe takwera pa chikepe si imene inalipo nthawi imeneyo: yakaleyo inagwa mu 1902, iyi inatha kumangidwanso mu 1912.

Lamulungu, Venice

M'mawa talowa mu Basilica di San Marco. Mu gemu muno muli manda ena obisika, ndipo ndi amodzi mwa ovuta: mipikisano inayi yothamangitsana ndi nthawi, kudumpha pa mitanda ndi pa nyale zolendewera. Ndi malo amenenso kamera imakupusitsa. Umaloza kutsogolo, Ezio n'kudumphira kumbali, n'kuyambiranso pansi. Mphwanga wakhala akulimbana nawo usiku, ndipo akuti mabataniwo ndi achikale. Ndikugwirizana naye pang'ono. Kugwira mabatani awiri nthawi imodzi kuti uthamange ndi kukwera kumachititsa kuti nthawi zina ukwere khoma lomwe sumafuna. Koma ndamuuza kuti kugwa kumeneko n'komwe kumapangitsa kuti ukafika pamwamba umve kuti wakwera ndiwe.

Mkati mwenimwenimo, denga lonse ndi timiyala tagolide tating'onoting'ono, tosayalidwa mofanana, ndiye ukasuntha phazi kuwala kumasunthanso. Pansi pamakwera ndi kutsika chifukwa nthaka yakhala ikutitimira. Izi gemu ya 2009 sikanazitha, khoma lake ndi chithunzi chachikasu chosalala. Pa zinthu zoyang'ana pafupi, monga nkhope, nsalu, golide ndi masamba, yatsalira kutali. Pa kutalika kwa nsanja, pomwe yaima, ndi njira yochokera apa kukafika apo, ikadali yodalirika moti yandiyendetsa Florence popanda kufunsa munthu.

Masana tayenda mpaka ku Arsenale, komwe boma la Venice linkapangira zombo zake. Chipata chake chachikulu ndi cha 1460, ndipo mikango yamiyala yomwe ili pambali pake inabwera pambuyo pake kuchokera ku Greece. Mu gemu dera lino ndi la Bartolomeo d'Alviano ndi asilikali ake, ndipo ndi gawo lomwe ndewu zimachuluka kuposa kuzemba. Pobwerera tadutsa m'masitolo a zigoba za kumaso za chikondwerero cha Carnevale. Mphwanga wagula chagolide, chifukwa cha gawo lija Ezio amafuna chigoba chagolide kuti alowe kuphwando la Doge Marco Barbarigo n'kumuwombera nthawi yomwe makombola achikondwerero akuphulika.

Ku Rome sitipita. Gemuyi imathera kumeneko mu 1499, Ezio akumenyana ndi Rodrigo Borgia amene panthawiyo anali Papa Alexander VI, koma imangokuonetsa linga la Vatican ndi Sistine Chapel, suyenda mumzinda. Rome yense anadzabwera mu gemu yotsatira, Brotherhood, chaka cha 2010, ndipo mphwanga akuti ayamba imeneyo akamaliza nthenga, zomwe watola 61. Mawa m'mawa tikwera boti lopita ku bwalo la ndege la Marco Polo.